Kalata Yotseguka kwa Pulezidenti: Wachiwiri kwa Nduna ya Zachuma Apatsidwe Ntchito Yodziwika

Olemekezeka Bwana Pulezidenti,

Ndakulemberani pa nkhani ya udindo umodzi womwe dzina lake limamveka kumapeto wayilesi ikamawerenga nduna zatsopano, anthu ambiri atasiya kale kumvetsera. Ndikunena za wachiwiri kwa nduna ya zachuma. Maboma ena a dziko lino akhala akuikapo munthu pa mpandowu, ena akhala akuusiya wopanda munthu, ndipo ife eni misonkho sitiuzidwa chifukwa chake. Pempho langa ndi lakuti mpandowu ukhale ndi mwini wake, mwini wakeyo apatsidwe ntchito yolembedwa yomwe Mmalawi aliyense angaiwerenge, ndipo ntchitoyo ikhale yolondola ndalama za boma kuchokera tsiku lomwe aphungu avomereza bajeti mpaka tsiku lomwe ndalamazo zafika kumene zinalembedwa kuti zipite.

Nkhaniyi ndabwera nayo kwa inu chifukwa malamulo aakulu a dziko lino anaisiya m'manja mwanu. Gawo 94 likukupatsani mphamvu zosankha nduna ndi achiwiri awo. Gawo 93 likunena kuti ntchito za anthu amenewa ndi zomwe Pulezidenti wawapatsa. Lamulo loyendetsera chuma cha boma, lomwe linakonzedwa mu 2003 n'kulembedwanso mwatsopano mu 2022, limasenzetsa katundu nduna, mlembi wamkulu wa ku Treasury ndi alembi aakulu a maunduna. Wachiwiri amadya zomwe mwamugawira inu. Mukapanda kumugawira, amakhala ndi galimoto, ofesi ku Capital Hill ndi malipiro, n'kumadikira tsiku lomwe nduna yatanganidwa kuti akatsegule msonkhano m'malo mwake.

Mpandowu sunayambe motero. Pambuyo pa chisankho cha mu Ogasiti 1961, chomwe chipani cha Malawi Congress chinapambana, bwanamkubwa Glyn Jones anakonza boma lomwe munalowa Amalawi, koma unduna wa zachuma unatsala m'manja mwa mzungu, Henry Phillips. Dr. Banda anatenga unduna wa zachilengedwe ndi maboma aang'ono, Kanyama Chiume wa maphunziro. Anthu awiri anapatsidwa udindo wothandizira nduna: Orton Chirwa ku zamalamulo, Dunduzu Chisiza ku zachuma. Chisiza ndiye Mmalawi woyamba kukhala pafupi chotere ndi thumba la boma, ndipo anali ndi zaka 31 zokha.

Sanafike pamenepo chifukwa chovina bwino pa misonkhano. Mwana wa ku Karonga ameneyu anaphunzira ku Livingstonia ndi ku Uganda, n'kukagwira ntchito ku Salisbury, komwe mu 1955 anayambitsa nawo gulu la City Youth League pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole. Boma la kumeneko linamupirikitsa mu 1956. Anapita ku Fircroft College ku Birmingham kukaphunzira zachuma, koma anasiyira panjira pomwe anaitanidwa kudzakhala mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress. Mu Malichi 1959 anamangidwa n'kutsekeredwa ku Gwelo limodzi ndi Dr. Banda, Masauko Chipembere ndi Yatuta Chisiza, mkulu wa Dunduzu. Nthawi ya m'ndende anaigwiritsa ntchito powerenga ndi kuganizira funso lomwe anzake ambiri anali asanalifike: ufulu ukadzabwera, dziko losauka chonchi lidzadya chiyani, lidzakongola kwa yani, nanga lidzabweza bwanji? Maganizo amenewo ali m'mabuku ake awiri aang'ono, Realities of African Independence ndi Africa: What Lies Ahead.

Atalowa mu unduna, anagwira ntchito ndi Phillips pokonza ndondomeko ya chitukuko ya 1962 mpaka 1965. Mu Julayi 1962 anasonkhanitsa ku Blantyre akatswiri a zachuma ochokera m'mayiko osiyanasiyana kudzakambirana za tsogolo la Nyasaland ndi Africa, ndipo iye mwini anayankhula pa msonkhanowo, n'kuchenjeza poyera za ulamuliro wa munthu mmodzi m'mayiko omwe ankalandira ufulu. Taganizirani, Bwana: wothandizira nduna, dziko lisanakhale n'komwe ndi mbendera yake, akuitana anthu ophunzira a dziko lapansi kuti adzayese maganizo a boma lake.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri pa mbiri yake ndi nkhani ya magetsi a pa Nkula. Olemba mbiri amafotokoza kuti Chisiza ankaona kuti ngongole yomangira malo opangira magetsi pa mathithi a Nkula inali yoyenera kuilandira ngakhale ikanadzera ku boma la Chitaganya, pomwe Dr. Banda sankafuna chilichonse chonunkha Chitaganya. Anasiyana maganizo. Dr. Banda anali ndi zifukwa zake zandale, ndipo zinali zomveka pa nthawi yomwe anthu anali atafera kuthetsa Chitaganyacho. Koma onani kuti panali munthu mu unduna wa zachuma yemwe anatha kuwerengera, n'kuuza mtsogoleri wake zomwe masamu akunena, akudziwa kuti sizikondweretsa. Magetsi a pa Nkula anadzayaka mu 1966. Chisiza sanawaone. Anamwalira kumayambiriro kwa Seputembala 1962 galimoto yake itagwa pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, ali ndi zaka 32. Anakhala pa mpandowo chaka chimodzi chokha.

Wotsatira wake anali John Tembo, mphunzitsi wa ku Dedza. Iyenso anayambira pa mpando womwewu, n'kudzakhala nduna ya zachuma mu 1964 Phillips atachoka, kenako mkulu wa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984. Anthu amamukumbukira mosiyanasiyana, ndipo sindikufuna kutsegula mlandu umenewo pano. Ndikungosonyeza kuti mpando wa wothandizira unali sukulu. Munthu ankaphunzira momwe bajeti imakonzedwera asanapatsidwe kuti aiwerenge m'Nyumba ya Malamulo. Ndipo chaka chomwecho cha 1964, pakati pa zinthu zomwe zinagawanitsa nduna ndi Dr. Banda panali tiki yolipira kuchipatala ndi lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma. Boma loyamba la dziko lino linang'ambika likukangana, mwa zina, za ndalama.

Kuyambira 1994 mipando ya achiwiri yasanduka njira yothokozera. Chigawo chakuti chisadandaule, phungu wakuti walowa chipani, wakuti anathandiza pa kampeni. N'chifukwa chake anthu akamva za achiwiri kwa nduna amangoganiza za mafuta a galimoto ndi maalawansi, ndipo sindingawadzudzule. Mu 2009 nduna ndi achiwiri awo anali pafupifupi 40. Mu 2014 anatsika kufika pa 20. Mu 2020 anali 31. Nthawi zonsezi mkangano unali pa chiwerengero, osati pa ntchito. Ine ndikanakhala wosankha, ndikanachotsa achiwiri m'maunduna angapo momwe alibe chochita, n'kusunga mmodzi ku zachuma yemwe ali ndi katundu weniweni pamutu.

Chifukwa chake n'chakuti nduna ya zachuma ya dziko losauka sikhala pansi. Lero ili ku Washington kukambirana ndi IMF ndi World Bank, mawa ikukumana ndi omwe tili nawo ngongole, mkuja ili m'zigawo kumva maganizo a anthu pa bajeti, kenako ku Nyumba ya Malamulo. Ntchito yake yaikulu yakhala yokasuma, ndipo mwini nyumba akapita kokasuma pamafunika wotsala pankhokwe. Pankhokwe pathu pamatsala alembi ndi akalaliki okha, ambiri a iwo anthu okhulupirika, koma opanda mphamvu yokaniza nduna ya unduna wina ikabwera ndi kalata yochokera kumwamba, ndiponso anthu omwe phungu sangawafunse funso m'Nyumba.

Tinaona zotsatira zake mu 2013. Pa 13 Seputembala chaka chimenecho mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pa geti la nyumba yake ku Lilongwe, ndipo nkhani ya Cashgate inaphulika. Ndalama zinkapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za akalaliki a malipiro ochepa. Kampani ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti K13.6 biliyoni inatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Njira yake inali yosavuta: kulowetsa malipiro abodza m'makompyuta a IFMIS, kulemba macheke kwa makampani omwe sanagulitse boma ngakhale pensulo, kenako kufufuta zolembazo. Mayiko otithandiza, omwe ankapereka pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a bajeti, anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene analipira ndi wodwala yemwe anapeza mankhwala atatha. Mu Okutobala Mayi Joyce Banda anachotsa nduna zonse. Anthu ena anamangidwa, kuphatikizapo mlembi wamkulu wa unduna wina. Koma funso lomwe limandivutitsa mpaka lero ndi ili: m'miyezi yonseyo, ndi wandale uti yemwe ntchito yake yolembedwa inali yoona mwezi ndi mwezi kuti zomwe zatuluka ku Reserve Bank zikufanana ndi zomwe zili m'mabuku a boma? Dzina lake likanadziwika, mwina akanafunsa msanga, podziwa kuti chikaphulika adzayankha ndi iyeyo.

Kuba si vuto lokhalo. Pali lina la tsiku ndi tsiku lomwe silifika m'nyuzipepala. Aphungu amavomereza ndalama za chipatala cha boma, za khonsolo, za sukulu, kenako ndalamazo zimabwera mochedwa, kapena zimabwera theka, kapena mwezi wina osabwera. Ambulansi imaima chifukwa palibe mafuta. Wabizinesi wamng'ono yemwe anaperekera nyemba ku ndende kapena ku sukulu yogonera konko amayenda chaka chathunthu kulondola cheke chake, uku banki ikumuwerengera chiwongoladzanja. Mphunzitsi wopuma amatha nsapato ku Capital Hill kufuna penshoni yake. Ngongole zamtunduwu zimaunjikana mwakachetechete mpaka boma limadzazisandutsa mapepala olonjeza kulipira mtsogolo, n'kuwonjezera katundu pa bajeti yomwe yalema kale. M'bajeti ya 2025/26, yomwe inaposa K8 thiriliyoni, ndalama zoposa K2 thiriliyoni zinali zolipirira chiwongoladzanja chokha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dziko lomwe lili pamenepa silingakwanitse kutaya tambala ngakhale imodzi pakati pa Nyumba ya Malamulo ndi chipatala cha kumudzi.

Dongosolo lokhala ndi othandizira nduna tinalitengera ku Britain, choncho n'koyenera kuona zomwe eni ake anachita nalo. Chaka chomwe Chisiza ankalowa mu unduna, 1961, boma la Harold Macmillan linaona kuti nduna ya zachuma yachulukidwa ntchito, ndipo linakhazikitsa udindo wa Chief Secretary to the Treasury. Woyamba anali Henry Brooke. Ntchito ya munthu ameneyu mpaka lero ndi imodzi yaikulu: kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Ndiye amakhala pansi ndi nduna iliyonse kukambirana zomwe unduna wake ulandire, ndiye amakana. Pansi pake pali ena, wina woona za misonkho, wina za mabanki, ndipo boma limasindikiza poyera zomwe aliyense amayang'anira, kotero kuti phungu amadziwa woti amufunse. Sindikunena kuti tikhale ndi anayi kapena asanu ngati iwo. Chuma chathu n'chaching'ono. Mmodzi akwanira, bola ntchito yake ilembedwe.

Ku Britain komweko kunachitikanso chinthu china chomwe ndikufuna muchidziwe. Mu Januwale 1958 nduna ya zachuma Peter Thorneycroft inatula pansi udindo chifukwa nduna zinzake zinakana kuchepetsa ndalama zomwe zinkafuna kugwiritsa ntchito, ndipo othandizira ake awiri, Enoch Powell ndi Nigel Birch, anatula nawo limodzi. Kaya ankanena zoona kapena ayi pa masamuwo, ankaona kuti udindo wawo unali ndi malire omwe sakanawalumpha.

Chitsanzo chapafupi chili ku South Africa, komwe abale athu ambiri amakagwira ntchito ndipo nkhani zake timazimva. Mcebisi Jonas anali wachiwiri kwa nduna ya zachuma kuyambira 2014. Mu Disembala 2015 Pulezidenti Jacob Zuma anachotsa nduna Nhlanhla Nene, yemwenso anayambira pa uchiwiri, n'kuikapo Des van Rooyen. Randi inagwa, ndipo patangotha masiku anayi Zuma anabweza Pravin Gordhan pa mpandowo. Mu Malichi 2016 Jonas anaima poyera n'kunena kuti banja la amalonda la Gupta linamulonjeza unduna wa Nene ndunayo isanachotsedwe, ndipo anakana. Pambuyo pake anauza ofufuza kuti analonjezedwanso R600 miliyoni. A Gupta anakana zonsezi. Jonas anachotsedwa ntchito limodzi ndi Gordhan kumapeto kwa Malichi 2017, koma mawu ake ndi amodzi mwa omwe anatsegula njira ya kafukufuku wa komiti ya Zondo. Anthu ofuna kulanda thumba la boma anadziwa kuti wachiwiri ndi khomo lofunika. Ife tokha ndi amene timauona mpandowu ngati wopanda pake.

Ndikudziwa zomwe alangizi anu anganene. Adzati mlembi wamkulu wa ku Treasury alipo kale, mkulu wa akawunti za boma alipo, mkulu wolondoloza chuma cha boma alipo malinga ndi gawo 184, komiti ya aphungu yoona za kayendetsedwe ka chuma ilipo. Nanga wina wachiyani? Yankho langa n'lakuti onsewa ali ndi malire. Wolondoloza chuma amafika ndalama zitapita kale, ndipo malipoti ake akhala akutchula zolakwika zomwezomwezo chaka ndi chaka: malipiro opanda zikalata, mafuta osalembedwa, maalawansi a maulendo omwe sanayendedwe. Komiti ya aphungu imaitana alembi, kuwakalipira pa wayilesi, n'kuwalola kubwerera ku maofesi awo. Mlembi ndi wantchito wa boma, ndipo wandale akamuopseza amayang'ana banja lake. Chosowa ndi wandale mnzawo wa nduna, wokhala ndi kalata yanu m'thumba, yemwe dzina lake lidzaipa ngati lipoti la chaka chamawa lidzabwereza za chaka chino.

Adzanenanso kuti anthu awiri mu unduna umodzi amalimbirana. Zimachitika, makamaka pomwe malire sanalembedwe, wachiwiri n'kumangoyang'ana mpando wa bwana wake. Mukawagawira ntchito poyera, nduna n'kukhala ndi ndondomeko ya chuma, misonkho, ngongole zakunja ndi zokambirana ndi mabungwe, wachiwiri n'kukhala ndi katulutsidwe ka ndalama ndi kulondola kwake pansi pa ndunayo, aliyense adzaweruzidwa pa zake.

Choncho, Bwana Pulezidenti, kalata yomupatsa ntchito isindikizidwe mu Gazeti ya boma ndipo iwerengedwe pa wayilesi m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina. Miyezi itatu iliyonse wachiwiriyo aziima m'Nyumba ya Malamulo, kapena pamaso pa komiti ya bajeti Nyumbayo ikakhala pa tchuthi, n'kunena kuti khonsolo ya Nsanje, ya Ntchisi, ya Chitipa inayenera kulandira zakuti ndipo yalandira zakuti, boma lili ndi ngongole yakuti kwa omwe analigulitsa katundu, ndipo pa zolakwika zomwe wolondoloza chuma anapeza, ndalama zakuti zabwezedwa ndipo anthu akuti alangidwa. Manambala amenewa ali kale m'makompyuta a boma. Chosowa ndi munthu wokakamizidwa kuwanena pagulu.

Posankha munthuyo musayang'ane chigawo chomwe akuchokera kapena ngongole yomwe chipani chili nayo kwa iye. M'Nyumba ya Malamulo ndi kunja kwake muli amayi ndi abambo odziwa akawunti, omwe anagwirapo ntchito m'mabanki, ku MRA, m'makhonsolo. Akhale wachinyamata ngati n'kotheka, kuti mpandowu ubwerere kukhala sukulu ya nduna zamawa, ndipo asasinthidwe chaka chilichonse asanadziwe ngakhale makomo a unduna. Alengeze chuma chake monga lamulo likunenera, polowa ndi potuluka.

Chovuta kwambiri chidzakhala kwa inu mwini. Munthu wotere akagwira ntchito yake bwino, tsiku lina adzakaniza nduna yomwe mumaikonda. Tsiku lina adzakaniza ndalama za ulendo wa ku nyumba ya boma. Chaka cha chisankho adzakuuzani kuti msewu womwe mwalonjeza pa msonkhano mulibe m'bajeti. Akuluakulu a chipani adzabwera usiku kudzakuuzani kuti mnyamatayu wakula mtima, akuononga chipani. Pa tsiku limenelo mudzakumbukire kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mukadzamuchotsa chifukwa wanena zoona, wobwera pambuyo pake adzaphunzira kukhala chete, ndipo mpandowo udzabwerera kukhala wa galimoto ndi maalawansi.

Izi sizifuna kusintha malamulo aakulu, sizifuna chilolezo cha IMF, sizifuna ngongole. Gawo 93 linakupatsani kale cholembera. Ndikukupemphani kuti bajeti yotsatira isanawerengedwe mutiuze dzina la wachiwiri kwa nduna ya zachuma yemwe adzalondole ndalamazo, ntchito zomwe mwamupatsa, ndi tsiku lomwe adzaime koyamba kutiuza komwe zapita.

Ine wanu,
Nzika yokhoma msonkho
Zomba